Mwamuna wa Phula

Udzu ndinali nditamweta kale. Ndinaumweta ndekha kuseri kwa dziwe, n'kuuyanika padenga la khola la ng'ombe, ndipo wansembe anali atavomera kuti nyengo yozizira ikangotha timange chidolecho. Kwathu kuno munthu akasowa zaka khumi ndi ziwiri osamveka, abale amamanga chidole cha udzu, kuchiveka nsalu yake, n'kukachiwotcha kumtsinje ngati mtembo. Zikatero ndiye kuti munthuyo wafa basi. Mkazi wake amaswa zibangili zoyera za chigoba, amapukuta ufa wofiira umene akazi okwatiwa amapaka pamzere wa tsitsi, amavala nsalu yoyera, nsomba n'kutsanzikana nazo.

Wosowayo anali achimwene anga, a Haradhan Naskar, amene ine chibadwire ndimangowaitana kuti Dada. Anachoka chaka chimene namondwe anagumula chipupa cha mtsinje, madzi amchere n'kudzaza m'minda yonse. Mpunga unakana kumera. Dada anati akupita ku Kolkata kukasaka ganyu, adzabwera pa chikondwerero cha Puja atatigulira nsalu zatsopano. Anaimba foni kangapo, kenaka zii. Tinafunsa kupolisi, tinafunsa aliyense wochokera kutauni, ngakhale kwa oombeza tinafikako, koma onse ankangotidyera nthawi.

Pakhomo tinatsala awiri, ine Putul ndi akazi awo a Kanaklata, amene ndimawaitana kuti Boudi. Mwana analibe. Ine ndine wamasiye, amuna anga anamira ndi boti la nsomba ndikadali mtsikana, choncho umasiye ndimaudziwa bwino. Umawawa, inde, koma uli ndi pothera: umalira, umatopa, n'kudziwa kumene munthu wako ali. Boudi analibe pothera. M'mawa uliwonse ankapaka ufa wofiira uja, ndipo boti lililonse likakocheza ankasuzumira pampanda. Zinkandipsetsa mtima, ndipo sindinkabisa.

"Boudi, khosi lidzakuthyokerani pampandapo," ndinkatero. "Munthu wamoyo angakhale duu zaka zonsezi? Tiyeni tiwapumitse."

"Ukufuna nane ndisiye nsomba kuti tiziwonda awiri eti?" ankayankha choncho, pakamwa pakuseka koma maso osaseka.

Anavomera za udzuzo mochedwa, ndiponso osati ndi mtima wonse. Anangotopa ndi pakamwa pangapa.

Chikwatiwire, Boudi sanatchulepo dzina la amuna awo. Akazi a msinkhu wawo kwathu satero, amati dzina la mwamuna likatuluka pakamwa pa mkazi wake, masiku a mwamunayo amachepa. Akafuna kuwaitana ankangoti, "Kodi mukumva?" ndipo Dada ankayankha ngakhale ali kuseri kwa khola. Padoko pali wagolosale wina amene nayenso ndi Haradhan. Zaka zonsezi Boudi ankangomutchula kuti uja wa mafuta, ndipo tikawaseka ankadziluma lilime n'kutigenda ndi chilichonse chimene chili pafupi.

Ndiye tsiku lina kunatulukira Jharna, mnansi wathu amene amagwira ntchito yapakhomo kwa anthu olemera ku Kolkata. Anafika ali wefuwefu, chikwama asanatule n'komwe.

"Putul-di! Boudi! Bwerani muone, ine mutu wanga sukugwira!"

Anatulutsa foni. Anati abwana ake anamutuma kuti aperekeze ana kunyumba ina yaikulu ya ziboliboli za phula, kumene amaumbako anthu otchuka, aliyense msinkhu wake weniweni. M'chipinda chomaliza ndi mmene anapezamo chimene anajambulacho. Pachithunzipo panali mwamuna wokoka rikisho, kangolo konyamula anthu, ataweramira kutsogolo, mapazi opanda nsapato, kansalu kopukutira thukuta kali paphewa.

"Anthu amafanana, Jharna," ndinatero.

"Kuza padzanjapo," anatero Boudi.

Jharna anakuza. Chala chaching'ono cha kumanzere chinali chopindika ngati mbedza. Chingwe cha ukonde ndi chimene chinawathyola Dada chala chimenecho ali mnyamata. Boudi anakhala pansi pomwepo, padothi.

"Woumba saumba munthu amene sanamuone," anatero. "Putul, udzu uja usaukhudze."

Tinanyamuka patangopita masiku ochepa. Boudi analawirira kuphika nkhanu ndi njere za mpiru zosinja, ndiwo imene Dada ankanyambita nayo zala, n'kuthira m'chitini pamodzi ndi mpunga.

"Mukukadyetsa phula?" ndinawafunsa.

"Tikakawapeza anjala, udzati bwanji? Pakamwa ngati khwangwala."

Tinakwera boti, kenaka sitima yapamtunda yopita kusiteshoni ya Sealdah ku Kolkata, imene munthu umaimiramo ndi mwendo umodzi, kenaka basi. Njira yonse Boudi anakumbatira chitinicho pachifuwa, akuyang'anitsitsa wokoka rikisho aliyense amene tinamudutsa.

Pakhomo la nyumba ija mlonda anati chakudya sichilowa. Boudi anachita naye makani mpaka anthu kumbuyo anayamba kung'ung'udza, ndiye anachisiya pashelefu pakati pa maambulera. M'kati munkazizira ngati mosungira nsomba. Anthu a m'tauni ankajambulitsa ndi osewera kiriketi, ndi akazi a m'mafilimu, ndi atsogoleri ovala nkhata za maluwa, akuseka, akutukula zala m'mwamba. Ine ndinapita kwa bambo wina amene ankawerenga nyuzipepala pabenchi n'kumufunsa njira ya kuchipinda chomaliza. Sanandiyankhe. Ndinabwereza mokweza, ndikuti anthu a m'tauni mwano ndi umenewu, mpaka atsikana ena anaphulika kuseka. Anali wa phula. Tsiku lina ndikanaseka nawo, koma tsiku limenelo ndinangomva kuti ndine mbuli yavumbi ya kumudzi.

Chipinda chomaliza anachikonza ngati msewu wakale wa mumzinda. Munali wophika tiyi, wometa pansi pa mtengo, mayi wina atakhala m'mphepete mwa msewu, ndi ena amene sindinawalabadire. Maso anga anathamangira pakati.

Anali Dada. Okalamba kuposa mmene anachokera, masaya atalowa, tsitsi litayamba imvi, koma anali iwo. Pakamwa pokhota pang'ono paja, khutu lotambalala lija, ndi kabelu ka rikisho kali pakati pa zala.

Boudi anavula nsapato, ngati akulowa m'kachisi. Anakoka nsonga ya nsalu yawo ya sari n'kufunda kumutu, mmene ankachitira Dada akamalowa pakhomo pali alendo. Anayandikira chingwe chofiira chimene anatchingira ziboliboli zija, n'kunong'ona:

"Kodi mukumva?"

Sindinalirepo pagulu chimwalirire amuna anga, koma pamenepo misozi inandigonjetsa. Boudi anawerama, napisa dzanja pansi pa chingwe kuti agwire mapazi aja monga mkazi amalonjerera mwamuna wake. Wezulo inalira.

"Mayi inu! Simukuona zalembedwazo? Osagwira!" Anali mlonda wina wa m'katimo, wandevu zopota.

"Amenewa ndi achimwene anga," ndinatero.

"Ee, ndipo wakiriketi uja ndi malume anga. Tiyeni, sunthani."

Mlondayo sankandidziwa. Ine ndimagulitsa nkhanu padoko, mawu anga amawoloka mtsinje. Ndinamuuza kuti sindisuntha mpaka ndione amene anaumba chibolibolichi, ndipo ndinanena mokweza moti ojambulitsa aja anatembenuzira mafoni kwa ife. Pofuna kuti phokoso lithe, anatitenga n'kutidutsitsa pakakhomo kakang'ono kuseri kwa nsalu.

Kuseriko kunkanunkha phula ndi guluu. Pamashelefu panali mitu yopanda matupi, manja opanda eni, maso agalasi m'mbale ngati mazira a nkhunda. Patebulo panakhala nkhalamba ina yovala mandala, itapanira mutu wa phula pakati pa mawondo, ikubaya tsitsi limodzilimodzi ndi singano. Mlonda anati amenewa ndi a Pal-babu, woumba. Sanadzutse mutu.

"Khalani, khalani. Mwati wa rikisho uja? Haru? Ha! Ameneyo ndi mnzanga. Ndi ndani wanu?"

"Achimwene anga, Babu. Anasowa kalekale. Tinkayesa anafa."

"Kufa? Uja? Chaka chathachi, nyengo yozizira, anakhala pampando mwakhalapo inupo. Anandimalizira tiyi ndi mabisiketi omwe."

Boudi anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Ali moyo, Putul," ananong'ona. "Ali moyo! Ukanawawotcha ali moyo, mfiti iwe!"

Ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. Nkhope yawo inawala mmene sindinaionerepo chichokere Dada. Nanenso ndinasangalala, sindinama. M'maganizo ndinaona kale tikutsika boti atatu, mudzi wonse utatuluka kudzaonerera.

"Tikawapeza kuti, Babu?" ndinafunsa.

"Apo ndiye mwandifunsa zovuta. Rikisho anaisiya, anati mawondo atha. Ananditsanzika kuti akupita kum'mwera kumene akumanga nyumba zitalizitali, kaya ndi Kerala kaya ndi Chennai, sindinafunsitse. Foni analibe. Anthu aja lero ali pano, mawa ali uko. Mwina akwawo kwa mkazi wake angadziwe, koma nawonso ndi a ku Bihar uko, mudzi wake sindiudziwa."

Ndinayesa ndamva molakwika.

"Mwati ndani?"

"Mkazi wake. Simunamuone? Wakhala m'mphepete mwa msewu uja, ndi zitini za chakudya. Ndinawatenga nkhope tsiku limodzi onse awiri." A Pal-babu anaseka, singano ikubayabe. "Mukanaona! Potenga nkhope timamata dothi loyera kumaso konse, munthu n'kumapumira timapesi ta m'mphuno. Mphongo yonse ija inayamba kunjenjemera ngati mwana wa mbuzi. Mkaziyo n'kumugwira dzanja, akuti, 'Haru! Haru iwe, usagwedezeke, chitsiru!' Akazi a masiku ano, dzina la mwamuna kumangoliponya ngati akuitana galu. Kamtsikana kawo nako kali pansi apo kakuseka mpaka kugubuduka."

Dzanja la Boudi linachoka pamkono panga. Ndinkafuna kuitseka pakamwa nkhalambayo.

"Mwachita bwino kubwera," anapitiriza a Pal-babu. "Ndakhala ndikufuna kuika dzina lake lenileni pakachikwangwani, poti Haru ndi lachidule chabe. Inu, Didi, mwangokhala chetenu, ndinu achemwali ake aakulu eti? Dzina lake lonse ndi ndani?"

Boudi anadziluma lilime n'kukokera nsalu ija kumaso.

"Didi? Ndati dzina lake."

Pamenepo singano inaima. A Pal-babu anadzutsa mutu koyamba chilowere ife, nayang'ana pamwamba pa mandala. Anaona nsalu yofunda kumutu, anaona mzere wofiira, anaona zibangili zoyera. Sanafunsenso. Anaika mutu wa phula uja patebulo pang'onopang'ono.

"Mayi anga anamwalira asanatchulepo dzina la bambo anga," anatero motsitsa mawu. "Pepani, Ma. Ndakalamba ndi pakamwa pomwe. Sanandiuze. Ndikulumbira, sanandiuze."

"Mwanayo ndi wamkulu bwanji?" anafunsa Boudi.

"Ma, zisiyeni zimenezo."

"Ndafunsa."

"Anali atayamba sukulu."

Boudi anagwedeza mutu, naimirira, natsanzika nkhalambayo ndi manja awiri monga mwa ulemu wawo wa nthawi zonse. Ine sindinatsanzike munthu.

Njira yotulukira inali yodutsanso m'chipinda chija. Ndinkafuna tidutse mothamanga, koma Boudi anaima. Ulendo uno sanayang'ane pakati. Anayang'ana mayi wa m'mphepete mwa msewu uja, amene poyamba tinamudutsa ngati mpando. Anali wamng'ono kwa ine ndemwe, wonenepa masaya, kandolo pamphuno, zitini zitatu zosanjikiza zili pamiyendo. Anamuumba akumwetulira, atatembenukira kwa wokoka rikisho. Pamzere wa tsitsi lake panali pofiira kwambiri, utoto wake wosasuluka.

"Ndi wokongola," anatero Boudi. "Akuoneka kuti amaphika."

"Boudi, tiyeni kwathu," ndinatero, mtima ukuwira. "Udzu uja ulipo. Mawa lomwe timange chidole. Kwa ine munthu ameneyu anafa. Mayi athu anamwalira akumuitana, iye ali pano kudya mabisiketi! Tikamuwotche, inu mupume."

"Wansembe wake uti angawotche munthu wamoyo?"

"Sitimuuza!"

"Nanga ine? Ine sindikudziwa? Ndiswe zibangili munthu akupuma, akagwa kuchokera pamwamba pa nyumba uko ndiye wawapha ndani? Kamtsikana kaja kakhale kamasiye chifukwa cha ine?"

"Ndiye muzipakabe zofiirazo chifukwa cha munthu amene akupakiridwa ndi wina?"

"Undiuze iwe wanzeru, ndichite chiyani. M'mawa uja ndinali ndi njira ziwiri, kudikira kapena kuwotcha. Pano ndisankhe iti?"

Wodikira amadikira wobwera. Wamasiye amalira wakufa. Boudi sanali mmodzi wa awiriwa, ndipo kwathu kulibe mwambo wa munthu wotero, kulibe udzu umene ungamwetedwe chifukwa cha iye.

Banja lina linafika, bambo akuuza ana ake kuti aime pafupi ndi rikisho awajambule. Tinawapatsa mpata. Atachoka, Boudi anasendera pachingwe paja. Mlonda wandevu uja anakweza wezulo, koma iwo sanatambasule dzanja. Anachotsa nsalu kumutu, inagwera paphewa. Anayang'ana nkhope ya phula ija m'maso, zimene sanachitepo pagulu ndi nkhope yeniyeni.

"Haradhan," anatero.

Sanakuwe, sanalire. Analitchula mmene kondakitala amatchulira dzina la siteji. Ine ndinapezeka ndikudziluma lilime m'malo mwawo.

"Haradhan Naskar," anabwereza, ngati akulawa chakudya chimene anachisunga nthawi yaitali n'kupeza chilibe mchere. Kenaka anavala nsapato zawo.

Pakhomo anatenga chitini chija pashelefu ya maambulera. Pasiteshoni ya Sealdah, tikudikira sitima, anakhala pansi pafupi ndi chipilala n'kuchitsegula. Ine nkhanu sindidya, ndine wamasiye. Anadya okha, kuswa zigoba ndi mano, kuyamwa mwendo uliwonse, mpunga wonse mpaka kupukuta ndi chala. Ndinkangowayang'ana. Ndikanakonda akanalira, akanatukwana, akanandimenya kumene. Anatsuka chitini pampopi n'kundiuza kuti sitima yathu ndi iyo.

Jharna atatifunsa, Boudi anati anthu amafanana. Wansembe tinamuuza kuti mwambo uja tayamba tauimika, ndipo anasiya kufunsa. Udzu uja unakhala padenga mpaka mvula inauoletsa, ndinautsitsa n'kuyalira ng'ombe m'khola.

Pampanda Boudi anasiya kusuzumira. Boti limakocheza, anthu amatsika, iwo amangopitiriza kusankha mpunga. Akafuna mafuta amandituma kuti, "Pita kwa Haradhan," mosadziluma lilime, mosaseka. Anthu amayang'anana, ena amati mutu wayamba kusokonekera.

Koma m'mawa uliwonse, akachoka kosamba, amaima pakagalasi kosweka ka pakhonde n'kutsegula kabotolo ka ufa wofiira. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Boudi, mukupakira ndani?"

Sanatembenuke. Anamaliza kujambula mzere wonse, bwinobwino, kuyambira pachipumi.

"Ali moyo, Putul," anatero. "Si ndi zimene tinkapempha?"